Mtundu uli m'nsalu kapena m'maso?

Achemwali, mwati munagula nsalu za yunifolomu ya ukwati m'sitolo ina ku Fordsburg kuno ku Joni. M'sitolomo zinkafanana ndendende ndi chitenje chomwe munatenga kumudzi, koma mutaziyanika panja ku Rosettenville ina ikuoneka yofiirira, ina ngati dothi la katondo. Ndiye mukufunsa ngati anakusinthirani, komanso ngati mtundu umakhala m'nsalu kapena m'maso mwa munthu. Ndaona ena ayamba kale kutukwana wasitoloyo. Tadekhani abale.

Ine ndimapenta nyumba kuno ku Joni, ndipo mlandu umenewu umandipeza kawirikawiri. Bwana amasankha yekha penti pa kakhadi m'sitolo, ndikapaka khoma n'kumati si imeneyi. Chilipo n'chakuti nsalu kapena khoma zimameza gawo lina la kuwala n'kubweza lotsalalo, ndipo lobwezedwalo ndi lomwe limafika m'diso. Babu la m'sitolo ndi dzuwa sizipereka kuwala kofanana. Choncho nsalu ziwiri zonyikidwa mu utoto wosiyana zikhoza kugwirizana pansi pa babu, n'kukanana padzuwa. Akatswiri a utoto amati metamerism. N'kutheka ndithu kuti palibe amene anakuberani.

Funso lanu lachiwirilo ndi limene landikhazika pansi. Ife tinakula tikudziwa kuti kufiira kuli mu tomato monga mafuta ali mu mtedza. Agogo anga mvula ikamabwera ankativula malaya ofiira, ati mphezi imalondola chofiira. Kwa iwo kufiira kunali chinthu chenicheni, choti ngakhale mphezi imachiona. Koma anthu oganiza mozama akhala akutsutsa zimenezi kuyambira kalekale. Democritus wa ku Greece, zaka zoposa 2,300 zapitazo, ankati mtundu, kutsekemera ndi kuwawa n'zongozolowerana anthu. Ankati zomwe zilipodi ndi tinthu ting'onoting'ono tosagawika ndi malo opanda kanthu. Galileo, wasayansi wa ku Italy, mu 1623 anapita nazo patali: mutachotsa zamoyo zonse zomwe zimaona ndi kununkhiza, mtundu ndi fungo zingatsale mayina chabe. Ngakhale Isaac Newton, yemwe anadutsitsa kuwala kwa dzuwa m'galasi la ngodya zitatu n'kutulutsa mitundu ya utawaleza, analemba mu 1704 kuti kuwalako pakokha kulibe mtundu, kumangodzutsa mtunduwo mwa woonayo.

Umboni ali nawo, sindingakane. M'diso la munthu muli timaselo ta mitundu itatu tolandira kuwala kosiyana, galu ali ndi mitundu iwiri yokha, pomwe njuchi imaona kuwala kwa ultraviolet komwe ife sitikuona. Duwa lomwelo, maso atatu, zooneka zitatu. John Dalton, wasayansi wa ku England, mu 1794 anafotokoza kuti iye ndi mchimwene wake sankaona mitundu ina monga anzawo. Ndipo mukukumbukira diresi lija la pa intaneti mu 2015, lomwe ena tinkalumbira kuti ndi loyera ndi golide, ena buluu ndi lakuda? Ine ndi akazi anga tinagona osayankhulana.

Komabe kunena kuti mtundu uli m'mutu basi, ine ndimaona ngati kupyola muyeso. Zikanakhala choncho, bwenzi pa roboti ya Jan Smuts Avenue wina akuima wina akudutsa. Nthochi yakupsa timaidziwa m'mawa, masana ndi madzulo, ngakhale kuwala kukusintha, chifukwa ubongo umawerengera kuwala kwa malowo. Pali china chake pa khungu la nthochiyo chomwe chasinthadi. Apa ndimagwirizana ndi John Locke, woganiza mozama wa ku England, yemwe cha m'ma 1690 ankati mtundu ndi mphamvu yomwe chinthu chili nayo yochititsa diso kuona mwakutimwakuti. Kwa ine zili ngati nsima: ufa, madzi ndi moto. Mungafunse kuti nsima ili mwa chiti? Nsalu, kuwala ndi diso zikakumana, mtundu wapsa. Kusintha chimodzi, wasinthanso.

Chiyankhulo nachonso chimaikapo dzanja. Ife "kufiira" timakutambasula kuyambira magazi mpaka dothi ndi mango akupsa. Chikasu tinatengera ku chomera, buluu tinabwereka. Ma jacaranda akachita maluwa mu Okutobala, tayesani kufotokozera amayi pafoni mtundu wake osanena kuti pepo, muone thukuta lake.

Tsono musanabweze nsaluzo, funsani kaye kuti ukwatiwo ukachitikira pati. Ngati ndi muholo ya mababu, zikhoza kukafanananso bwinobwino monga zinalili m'sitolo muja. Ngati ndi pabwalo masana, dulani kachidutswa ka chitenje chanucho, mubwerere nako, ndipo mupemphe wasitoloyo atulutse mpukutu wa nsalu pakhomo kuti muyerekeze padzuwa. Mupite ndi munthu wina, makamaka wamkazi, chifukwa vuto losasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira limagwira kwambiri ife amuna.