Yankho kwa amayi a ku Katete: moyo wa m'boti pakati pa nyanja yamchere

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Katete. Mwana wawo wamwamuna ali ku Cape Town, ndipo wapeza ganyu m'boti la matanga, lija amati yacht, loti akalipereke kwa mwini wake ku Brazil. Amayiwa tulo sakuona. Akufunsa kuti: "Kodi usiku amakocheza pati? Adzadya chiyani mwananga?" Andilembera poti anamva kuti ine ndinayendapo njira yomweyo ndili wophika.

Amayi, ndiyambe ndi la usikulo, popeza ndi pomwe pagona nkhani. Sakocheza paliponse. Kuchoka ku Cape Town kukafika pachilumba cha St Helena ndi makilomita oposa 3,000, ndipo pakatipo ndi madzi okhaokha. Basi ya ku Lusaka imaima pa Luangwa Bridge anthu n'kugula nsomba zouma, koma uko kulibe Luangwa. Boti limayenda ngati makilomita 11 pa ola, liwiro la njinga zonyamula anthu za m'Chipata muno, kungoti silipuma usana ndi usiku. Ife tinatha masiku 12.

Ndiye poti siliima, nthawi zonse pamayenera kukhala munthu ali maso. Tinalipo anayi ndipo tinkasinthana ulonda maola atatuatatu. Ulonda woyambira 3 koloko mbandakucha ndi womwe ndinkadana nawo. Mnzako amakugwedeza phazi, iwe n'kuvala jekete mumdima, kumanga lamba wa pachifuwa, n'kukoleka chingwe chake pachitsulo cha boti usanatulutse n'komwe mutu panja. Pakapita mphindi zingapo umaimirira kuunguza mbali zonse ngati kukubwera nyali ya sitima yaikulu, kapena mtambo wakuda wodzaza mphepo. Chiwongolero nthawi zambiri chimayendetsedwa ndi makina, ntchito yako ndi maso basi.

Chingwe chimenecho mukamuuze mwana wanu kuti asachiseweretse. Anthu kumudzi amaopa shaki, koma choopsa chenicheni ndi kugwera m'madzi usiku anzako ali mtulo. Boti limangopitirira, ndipo akamadzuka uli kutali, mutu wako wabisika m'mafunde. Kaputeni wathu analetseratu amuna kutaya madzi ataima m'mphepete mwa boti. Poyamba ndinkaona ngati nkhanza.

Masiku atatu oyamba ndi a mseru. Chakufupi ndi Cape Town madzi ndi ozizira chifukwa cha Benguela, mtsinje woyenda m'nyanja momwemo kuchokera kum'mwera, mafunde ndi aakulu, ndipo ine ndinasanza mpaka ndulu. Kenako thupi limazolowera, kunja kumafunda, mphepo yochokera kum'mwera cha kum'mawa imakankha boti kumbuyo, n'kuyamba kumva njala ya munthu wochoka kolima.

Za chakudya musade nkhawa. Sabata yoyamba kuli nyama ndi masamba. Zikatha mumagwa pa kabichi, anyezi, mbatata, mazira, mpunga, nyemba ndi zam'zitini. Buledi timaphika tokha. Kumbuyo kwa boti timakoka chingwe cha mbedza, ndipo tsiku lamwayi mumakola tuna kapena dorado, nsomba yobiriwira mosakaniza ndi chikasu, yotalika ngati mwana wa giredi wani. M'mawa mumatola tinsomba touluka togwera m'boti usiku.

Koma nsima, amayi! Ufa ndinagula ku Cape Town, ndipo tsiku lachisanu ndinati lero azungu awa alawa. Chitofu cha m'boti chimalendewera pa timisomali tiwiri kuti poto akhale chilili boti likapendama, ndipo poto amamupana ndi zitsulo. Phala litayamba kuwira ndinatsamira kabati, miyendo tang'a, dzanja lina pa poto lina pa mthiko. Funde linangobwera kamodzi, chithaphwi cha phala lotentha n'kundigwera pa bondo. Chipsera chilipo mpaka lero. Kuyambira pamenepo ndinkavundula nditavala buluku la pulasitiki la mvula, ngakhale kutenthe bwanji.

Madzi ndiye chuma. Mwazunguliridwa ndi madzi koma osamweka. Maboti ambiri ali ndi makina osefa mchere, koma makina amafa, choncho kaputeni wanzeru amasunga madzi ena m'zigubu osawakhudza. Mbale timatsuka ndi amchere n'kutsukuluza ndi akumwa pang'ono. Kusamba ndi kwa patalipatali, kabotolo kamodzi. Apa ife okulira kotunga pa chitsime m'mwezi wa Okutobala tinkawaposa anzathu, amene kusunga madzi anakuphunzirira m'botimo.

Pogona ndi kabedi kopapatiza, kokhala ndi nsalu yomangira m'mbali kuti usagubuduke. Vuto ndi tulo ta zidutswazidutswa. Munthu wosagona mokwana amapsa mtima ndi kapu yosatsuka, ndipo kokazizira mtima kulibe, boti lonse ndi mamita 14. Ngati mwana wanu ndi wamkamwa, ayambiretu kuphunzira kumeza mawu.

Asanavomere, afunse ngati botilo lili ndi kabwato kopulumukira kofufuma, chida cha EPIRB choitanira thandizo kudzera pa setilaiti, bokosi la mankhwala, ndiponso ngati kaputeniyo anaolokapo kale. Za malipiro ndi tikiti yobwerera alemberane papepala, asangomvana pakamwa.

Foni yake idzasiya kugwira akangochoka pagombe, pokhapokha botilo likhale ndi intaneti ya setilaiti. Mukaona masabata awiri ali zii, musayambe kusonkhanitsa abale. Ine ndinaimbira amayi anga nditafika ku Jamestown, tauni ya pa St Helena, chilumba chomwe Napoleon anaferapo mu 1821. Nditaponda pamtunda nthaka inkayendayenda, ndikudzandira ngati ndamwa kachasu, moti ndinalankhula nawo nditakhala pansi. Iwo funso loyamba linali loti kaya kumeneko mvula yagwa. Kuchoka apo kunali kutatsala masabata ena awiri kuti tione Brazil.