Mitengo yoika impso ikasiyana, chipatala chotchipa ndiye chabwino?

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti mchemwali wawo akufunika kuikidwa impso ina, ndipo zipatala ziwiri zawauza mitengo yotalikirana kwambiri. Akufunsa kuti: kodi chodulacho chikuwabera, kapena chotchipacho chikubisa zina?

Zikomo pondilembera, ndipo pepani ndi matendawa. Musanayerekeze, funsani kaye kuti mtengowo wayambira pati, wathera pati. Chipatala china chimawerengera opaleshoni ndi masiku ogonekedwa basi. China chimaphatikiza kuyeza wodwala ndi wopereka impso, opaleshoni yochotsa impsoyo, komanso chisamaliro cha miyezi ingapo mutatuluka. Apo ndiye kuti sakugulitsa chinthu chimodzi.

Ndalama za pa bilu nazonso si ndalama zimene chipatala chawononga. Ku America kusiyana kumeneku n'kwakukulu moti ofufuza amayamba atembenuza bilu kuti apeze mtengo weniweni. N'chifukwa chake ambiri amawerenga zinthu zogwirika: masiku m'chipinda cha odwala mwakayakaya, magazi amene wodwala waikidwa, maola a opaleshoni, ndiponso kangati wabwereranso kukagonekedwa. Zimenezi sizisintha ndi mphamvu ya ndalama ya dziko.

Koma chimene chimasokoneza kwambiri ndi wodwalayo. Munthu wa shuga ndi matenda a mtima amadya ndalama zambiri kuposa wachinyamata amene vuto lake ndi impso zokha. Impso yochokera kwa munthu wamoyo nthawi zambiri imayamba ntchito pompopompo, pamene yochokera kwa womwalira, makamaka ikakhalitsa pa ayezi, imatha kuchedwa kudzuka, wodwala n'kubwerera pa makina osefa magazi sabata yoyamba. Masiku amawonjezeka, bilu imakwera, chonsecho madokotala sanalakwitse kanthu. Ndiye chipatala chimene chimalandira odwala amene ena awakana chimaoneka chowononga ndalama, pamene chosankha odwala osavuta chimaoneka chanzeru. Ine zimenezi zimandinyansa ndikaona anthu akusanja zipatala osaganizira kukula kwa matenda. Njira zothandiza zilipo: njira yotchedwa DRG, imene Medicare (inshuwalansi ya zaumoyo ya boma la America) inayamba kugwiritsa ntchito polipira zipatala mu 1983, imaika odwala ofanana m'gulu limodzi, ndipo kwa ofunika kuikidwa chiwindi china pali muyeso wotchedwa MELD, imene America inayamba kugwiritsa ntchito mu 2002 poyeza mmene munthu wadwalira.

Ndiye pali mankhwala oletsa thupi kukana impso yachilendo, monga tacrolimus. Amenewa ndi omwa nthawi yonse imene impsoyo ikugwira ntchito, koma kawirikawiri pa mtengo wa opaleshoni sapezekapo. Kwa zaka zambiri Medicare inkasiya kulipira mankhwalawa pakatha miyezi 36 chiikireni impso kwa ambiri osafika zaka 65, mpaka lamulo latsopano litayamba kugwira ntchito mu 2023. Munthu akalephera kugula n'kusiya kumwa, impso imawonongeka, n'kubwerera ku makina katatu pa sabata, komwe pakapita zaka kumadula kuposa kuika impso.

Choncho pemphani chipatala chilichonse chikulembereni zimene zili mu mtengowo, amene adzalipire mchemwali wanu akagonekedwanso, mtengo wa mankhwala pa mwezi, komanso kuti pa odwala 100 amene anawaika impso, ndi angati amene impso yawo inali ikugwirabe ntchito patatha chaka.