Mafuta okereketa pakhosi si owonongeka, Amayi

Amayi ena a ku Highfield, kuno ku Harare, anandilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo wa ku Cape Town anawabweretsera botolo la mafuta a azitona, iwonso anagula lina m'sitolo ku Avondale lolembedwa kuti Italy. Mafuta a mwana wawowo akuwawa ndipo akuwatsokomoletsa, pamene a m'sitolowo angoti zii. Akufunsa ngati botolo loyambalo liyenera kupita kudzala.

Chonde Amayi, musataye. Mwa awiriwo, amene ndikuwakayikira ndi oziziriratuwo. Kukereketa kuja kumachokera ku oleocanthal, chinthu chimene chimapezeka m'mafuta ofinyidwa chatsopano ndipo chimachepa mafuta akamakalamba. Akatswiri otsatira malamulo a International Olive Council ya ku Madrid, bungwe la mayiko loona za mafuta a azitona, akamalawa amafuna zitatu: fungo la chipatso, kuwawa ndi kukereketa. Ife amene tinakula ndi luni timadziwa kuti pali kuwawa kwina kokoma.

Yesani chonchi m'mawa, musanamwe tiyi. Tengani matambula awiri aang'ono, mumuuze mdzukulu athire supuni imodzi ya mafuta a botolo lililonse m'tambula yakeyake inu musakuona. Musatengeke ndi mtundu wake. Akatswiri aja amalawira dala m'magalasi abuluu kuti kubiriwira kusawanamize. Khazikani tambula pachikhatho, dzanja linalo muvindikire pamwamba kwa mphindi imodzi kuti mafuta afunde. Iwo amawafikitsa pa madigiri 28, zomwe kuno mu Okutobala dzuwa limachita lokha.

Ndiye vundukulani, mununkhize. Apa ndiye pagona nkhani. Mafuta amoyo amamveka ngati udzu wongomweta kumene, masamba a matimati mukawakhudza m'dimba, kapena nthochi yosapsa. Okalamba amanunkha ngati mtedza umene wagonera chaka m'thumba, pena ngati kandulo. Mphuno imene imazindikira nsinjiro zakale singalephere apa. Kenaka imwani pang'ono, mukoke mpweya kudzera m'mano monga timachitira ndi tiyi wotentha, mumeze n'kudikira. Kukereketa kumabwera mochedwa, kumapeto kwa khosi. Musanalawe tambula yachiwiri, lumani apozi wobiriwira ndi kumwa madzi.

Mukatha, tembenuzani mabotolo. Pofunika palembedwe extra virgin, kutanthauza kuti anangofinyidwa basi ndipo asidi wake sapitirira 0.8 peresenti. Olembedwa pure kapena light ndi oyengedwa kufakitale, pomace ndi otengedwa m'zotsalira zofinyidwa kale. Dzina la Italy lisakuopseni. Dziko lopanga mafuta ambiri ndi Spain, ndipo ena amangokathiridwa m'mabotolo ku Italy. Chimene ine ndimasakasaka ndi chaka chokolola. Ku Ulaya amathyola azitona kuyambira Okutobala mpaka cha mu Januwale, pamene ku Western Cape, chigawo chimene kuli Cape Town, amathyola chapakati pa Malichi ndi Julayi, ndiye botolo la mwana wanu mwina ndi lachaka chino, komanso silinayende panyanja. (Wina anandifunsapo za Olivine amene tonse timakazingira: dzina lokha, amenewo ndi mafuta a mbewu zina.)

Botolo labwinolo lichotseni pafupi ndi chitofu ndi pawindo, muzilitseka kwambiri, ndipo musalisungire alendo a pa Khirisimasi. Mukalitsegula lithe m'miyezi ingapo. Mukaphika nkhwani wopanda nsinjiro, muphule kaye, kenaka mudonthezere supuni imodzi pamwamba ndiwo zikadali nthunzi tolotolo.