Kuyeza chipangizo chili pa moto

Achimwene mwafunsa kuti bwanji a physics amavutika kuyeza zipangizo zatsopano zamagetsi, monga sola ndi matchaja, zili pa moto (zikugwira ntchito) osangozithimitsa n'kuziunika bwinobwino, komanso ngati mwana wa pa Chanco angapange project yotere konkuno ku Zomba. Angathe ndithu, koma ndiyambe ndi chifukwa chake.

Chipangizo chikazima chimabisa zambiri, ngati galimoto yomwe pa garaja ikulira bwino koma ikayamba kukwera phiri kupita Ku Chawe mpamene imaonetsa vuto. Magetsi akamadutsa mkati mumatentha, ndiye kutenthako kumasintha kayendedwe ka ma electron, zomwe munayeza chili chozizira sizigwiranso. Tengani sola ili padenga panuyo. Ma watt 100 omwe analemba kumbuyo aja anayezera panelo ili pa madigiri 25, kuwala kuli ma watt 1000 pa sikweya mita. Koma panelo ya silicon imataya pafupifupi 0.4 peresenti ya mphamvu pa digiri iliyonse yoonjezera, ndiye ndi dzuwa la mu Okutobala ikafika madigiri 60 mwataya kale ngati 14 peresenti, fumbi tisanaliwerengere n'komwe. Anthu amangoti anandigulitsa feki pomwe nthawi zina ndi physics basi.

Pa zatsopanozi mpamene nkhani imakoma. Sola za perovskite, mtundu watsopano wa zinthu zopangira sola m'malo mwa silicon, zinayamba 2009 ndi gulu la Tsutomu Miyasaka ku Japan zikusandutsa 3.8 peresenti yokha ya mphamvu ya kuwala kukhala magetsi, pano mu labu zadutsa 25 peresenti, koma vuto lake ma ion (ma atomu okhala ndi chaji) mkatimo amasuntha dzuwa likamawomba ndi voltage ilipo, moti mukayeza mokweza voltage kenako motsitsa mayankho amatha kusiyana, chinyezi ndi kutentha zimaziononganso. Mukaithimitsa ma ion ena amabwerera, umboni wathawa. Chimodzimodzi gallium nitride, yomwe imagwira ntchito m'malo mwa silicon m'matchaja ang'onoang'ono amphamvu aja, kamalo kochepetsetsa mkati mwa transistor (kaswitchi kakang'ono ka magetsi) kamatentha kuposa kunja konse, ndiye amaunika ndi laser ikugwira ntchito kuti adziwe kutentha kwenikweni.

Zoona makina akuluakulu a X-ray otchedwa synchrotron, omwe amaunikira mkati mwa zipangizo zotere, ngati aku Grenoble ku France, mu Africa muno mulibe, ndipo ine zimandiwawa. Koma musagwe nazo ulesi. Diode wamba ya silicon, kachipangizo kolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha ngati ma cell a mu sola, voltage yake imatsika pafupifupi ma millivolt 2 pa digiri iliyonse, kutanthauza kuti chipangizocho chimadziuza chokha kutentha kwake, mungofunika multimeter yoyezera magetsi, thermocouple yoyezera kutentha ndi kakompyuta ka Arduino kolemba manambala tsiku lonse. Ikani panelo imodzi pamwamba pa phiri pozizira, inzake yofanana ku Kachulu kufupi ndi nyanja ya Chilwa, muyeze voltage, current ndi kutentha nthawi yofanana kuyambira Juni mpaka Novembala. Musaiwale kuyezanso kuwala mbali zonse, chifukwa kuphiriko kumachita nkhungu ndipo a lecturer adzakufunsani ngati kusiyanako ndi kwa kutentha kapena kwa mitambo.