Ku Cusco tikadye kuti? Ndikuyankha achemwali a ku Leeds

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina yemwe ndi nesi ku Leeds, dzina sinditchula. Akuti iwo ndi amuna awo akhala akusunga ndalama kuti akaone mabwinja a mzinda wakale wa Machu Picchu ku Peru, ndiye akagona ku Cusco masiku asanu. Funso lawo ndi lakuti akadye kuti poti ndalama zambiri zapita kale ku matikiti a ndege, komanso bambo akunyumbawo ndi aja akadya mpunga amati angolawa chabe, kudya kwenikweni mpaka aone nsima.

Achemwali, ndiyambe ndi uthenga wa maliro, nsima m'malesitilanti a ku Cusco mulibe. Alamu anga muwauziretu adakali ku Leeds konko kuti alire bwinobwino asanakwere ndege. Chowawa n'chakuti chimanga chilipo chambiri, choyera, chachikasu, china chofiirira ngati nthudza zakupsa, koma anthu ake amakonda kuchiphika, kuchikazinga ndi kufululira mowa, za nsima yathuyi sadziwa.

Koma musanaganize za malo odyera, mudziwe kuti Cusco ili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400. Sapitwa wathu uja wa ku Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye tangoganizani mzinda wonse, misika, matchalitchi, ma taxi, zonse zili pamwamba kuposa Sapitwa. Mukatsika ndege kuchokera ku Lima komwe kuli m'mbali mwa nyanja, thupi limadabwa, mutu umawawa, kupuma kumavuta, eni ake amati soroche, ndipo m'mimba simugaya msanga. Ine tsiku loyamba ndinachita matama, ndinadya mbale yonse ya nkhumba yokazinga usiku n'kuthirapo magalasi awiri a mowa wawo wa pisco sour, zimene ndinaona usiku umenewo ndi Mulungu yekha akudziwa, ndinakhala pansi mu bafa mpaka 4 koloko m'mawa mtima ukugunda ngati ng'oma ya gule. Inu tsiku loyamba mudye supu basi, madzi ambiri a m'botolo osati a pampopi, mowa ayi. Ku hotelo akakupatsani tiyi wa masamba a coca, kumeneko ndi wololedwa ndipo aliyense amamwa, koma musatenge masambawo kapena matibagi ake kubwerera nawo ku UK, mungakagone ku polisi ya pa eyapoti ndi ntchito ya unesi yomwe. Ine ndinkakonda wa muña, kachitsamba konunkhira ngati minti, kamakhazika m'mimba.

Tsopano nkhani yeniyeni. Anthu a ku Cusco chakudya chawo chachikulu ndi cha masana, ndiye nanunso muzidya kwambiri masana, madzulo kungotsuka mkamwa. Mawu oti muwaloweze ndi menú. Osati pepala la mitengo lija ayi, menú ndi chakudya cha tsikulo chomwe aphika kale, supu kenako mbale yaikulu yomwe amati segundo, n'kachakumwa, zonse mtengo umodzi. Mukaona bolodi pakhomo palembedwa ndi choko, ndipo mkati mwadzaza anthu a yunifolomu ndi amayi a zipewa zawo, lowani.

Malo oyamba ndi msika wa San Pedro, kuyenda wapansi mphindi ngati 10 kuchokera pa Plaza de Armas, bwalo lalikulu la pakati pa mzinda. Mulowe mudutse ogulitsa majuzi ndi zidole za alendo, mupite mpaka kumbuyo komwe kuli mabenchi ataliatali ndi amayi oima kuseri kwa mapoto akuluakulu, chimodzimodzi ku ziyimilire kapena malesitilanti a mu msika wa Limbe. Pamenepo menú ndi yotchipa moti ndalama ya mbale imodzi ya pa Plaza mungadyere anthu anayi kapena asanu. Mayi amene ndinkadyako masiku onse ankangondiona n'kuyamba kukuwa caserito, caserito, ndiye kuti kasitomala wanga, akupukuta benchi ndi kansalu. Caldo de gallina wake anali supu ya nkhuku yolimba ngati ya lokolo, chiwalo chachikulu chonse chili momwemo, dzira lowira, mbatatesi, tima spaghetti, pambali ndimu wodula ndi tsabola wotchedwa rocoto. Rocoto ameneyu amaoneka ngati tomato kapena green pepper wofiira wosalakwa koma kuwawa kwake ndi m'bale wake wa kambuzi, muyambe pang'ono. Mu supu zina monga chairo mupezamo tinthu takuda tofewa totchedwa chuño, ndi mbatatesi yomwe amaiyanika kuti igwidwe ndi chisanu usiku, dzuwa masana, n'kuiponda ndi mapazi kuti madzi achoke, imasungika zaka. Kafungo kake kakadothi poyamba kamadabwitsa koma ndi makaka awo amenewo.

Mu msika momwemo muli mzere wa amayi opanga juwisi, mumasankha zipatso okha akugayirani muli pompo, mukamaliza galasi musanyamuke, zotsala mu blenda amakuthiriraninso ulere. Amati yapa, ife timati basera kapena pulayizi. Chenjezo limodzi lokha, saladi wosaphika wa mu msika msiyeni, ndipo ceviche, nsomba yaiwisi yothira ndimu ija, mukadye ku Lima komwe kuli nyanja. Ku Cusco nsomba yake ndi trucha ya m'madzi ozizira a m'mapiri, yokazinga ndi yabwino ndithu ngakhale kwa ife tinakulira chambo sitigwa nayo mphwayi kunena kuti siifika.

Alamu anga a nsima aja muwagulire choclo con queso. Ndi mondokwa wowiritsa wa njere zikuluzikulu ngati chala chachikulu, wa ku chigwa cha Urubamba, amakupatsani wotentha ndi chibenthu cha tchizi cha mchere. Ziwiri zokha munthu wakhuta. Akadandaulabe, m'masupamaketi mumapezeka polenta, ndi mgaiwa wachikasu basi, ngati mwachita lendi nyumba yokhala ndi khitchini mutha kutakasa, kungoti pamtunda umenewo madzi amawira asanatenthe mokwanira, cha m'ma 89 digiri, ndiye phala lake mulisiye libwate nthawi yaitali apo ayi mudya yosapsa.

Pa Plaza de Armas penipeni ndi kamsewu ka Procuradores pali anyamata oitanira atanyamula mapepala a zakudya, kukutsatirani ngati a pa depoti ya minibasi. Kumeneko mumalipira khonde ndi maonekedwe a tchalitchi. Khofi mmodzi pa khonde la m'mwamba kuti mujambule zithunzi, chabwino, koma nkhomaliro ayi.

Tsiku limodzi mudzipatse ulemu poti mwavutikira ulendowu. Chicha, lesitilanti ya Gastón Acurio wophika wotchuka wa ku Peru, ili pa Plaza Regocijo pafupi pomwepo, ndipo ina ndi Cicciolina, nayonso siili kutali ndi Plaza de Armas, zonsezi muchite buku pasadakhale makamaka ngati mukupita mu June, mwezi wa chikondwerero cha Inti Raymi chomwe chimachitika pa 24. Mukayitanitse lomo saltado, nyama yokazinga ndi anyezi ndi tomato yosakaniza ndi tchipisi, mpunga pambali, palibe M'malawi angaikane. Nyama ya alpaca ilinso ponseponse, ilibe mafuta ndiye akaipsereza imauma ngati chikopa. Tipi m'malo ngati amenewa ndi cha m'ma 10 peresenti, mu msika sayembekezera. Kuli inanso yotchedwa MIL ya Virgilio Martínez kufupi ndi Moray kunja kwa mzinda, koma mwanena kale za bajeti, imeneyo ingoionani pa Instagram.

Nanga mbira. Eya, mbira zomwe ana amaweta kukhitchini kwathu zija, kumeneko amati cuy ndipo ndi ndiwo ya ulemu, ya pa ukwati ndi pa zikondwerero. Mu tchalitchi chachikulu cha pa Plaza muli chithunzi cha Mgonero wa Ambuye chojambulidwa ndi Marcos Zapata m'zaka za m'ma 1700, pa mbale ya pakati pa tebulo pagona kanyama chagada komwe ambiri amati ndi cuy. Azungu amene ndinali nawo pa tebulo anakuwa itabwera yathunthu, mutu, mano, tizikhadabo, ine wodya mbewa za pa Salima turn off ndinangosamba m'manja. Mu tauni, lesitilanti ya Pachapapa m'dera la San Blas amaiwotcha mu uvuni wa dothi, imatenga nthawi ndiye muyitanitsiretu, ndipo chitunda chokwera ku San Blas muchiyende pang'onopang'ono. Koma eni ake akafuna cuy Lamulungu amakwera basi kupita ku Tipón, kum'mwera chakum'mawa kwa mzinda. Msewu womwewo umadutsa pa Saylla pomwe nyumba iliyonse ikukazinga chicharrón, nkhumba ija inandigwetsa ine, ndipo kutsogolo pang'ono kuli Oropesa kwa buledi wamkulu wozungulira wotchedwa chuta. Ngati simudya nkhumba mufunse kaye, chifukwa adobo ndi lechón zonse ndi nkhumba, mawu ake ndi chancho kapena cerdo.

Madzulo mukamva fungo la kanyenya pa kona, ndi anticuchos, mtima wa ng'ombe wowotcha pa kamtengo, kumapeto kwake abayapo mbatatesi. Ndipo popita ku Ollantaytambo kukakwera sitima ya ku Machu Picchu mudzaona nyumba zina zaimika mtengo wautali pakhomo atamangirira pulasitiki yofiira kunsonga, chizindikiro chakuti muli chicha de jora, masese a chimanga chomera, amathira m'galasi lalikulu lofuna manja awiri. Eni ake asanamwe amadontheza pang'ono pansi kupatsa Pachamama, mayi nthaka. Inu ngati ndinu a Mvano funsani chicha morada, ya chimanga chofiirira chija, ilibe mowa. Alamuwo muwalole galasi limodzi, koma tsiku lachitatu osati loyamba.