Musathamangire kulipira APC, njira zina zilipo

Achemwali, mwati pepala la kafukufuku wanu latha ndipo mukufuna kuti aliyense aziliwerenga mwaulere, koma magazini yomwe mwasankha ikufuna ndalama zambiri za APC (zimene wolemba amalipira wofalitsa kuti pepala lake liziwerengedwa mwaulere). Musathamangire kupisa m'thumba. Mitengo yake ndi yoopsadi (magazini ya Nature inayamba ndi €9,500 pa pepala limodzi mu 2021), koma si magazini onse otero.

Yambani ndi DOAJ, kaundula wa magazini owerengedwa mwaulere amene anayambika ku Lund University mu 2003. Ambiri mwa magazini a mmenemo salipiritsa wolemba ngakhale wowerenga, chifukwa amayendetsedwa ndi mayunivesite kapena mabungwe a akatswiri. Sefani kuti muone okhawo osalipiritsa a phunziro lanu.

Koma njira imene ine ndimaikonda ndi iyi. Tumizani pepalalo ku magazini yabwino ngakhale ikhale yotsekera owerenga osalipira. Likavomerezedwa, sungani kope lomaliza lija mwakonza motsatira ndemanga za owunika, lisanaikidwe chizindikiro ndi manambala a masamba a wofalitsa. Limenelo ofalitsa ambiri amalola kuliika mu repository (nkhokwe ya pa intaneti yosungira zolemba) ya yunivesite yanu, ndipo ena amalolanso malo ngati Zenodo, nkhokwe yotere ya bungwe la kafukufuku la CERN. Ena amati mudikire miyezi 6 kapena 12, ndiye onani kaye malamulo awo pa tsamba la Sherpa Romeo, limene tsopano likutchedwa Open Policy Finder. Fomu ya umwini wa pepala imene wofalitsa amakupatsani muiwerenge musanasaine. Anthu amangosaina ndi chimwemwe, kenako n'kuika PDF ya wofalitsa pa tsamba la ofufuza la ResearchGate, mawa lake kalata yowauza kuti aichotse.

Ngati simukufuna kudikira, ikani pa intaneti preprint, kutanthauza kope la pepala lanu lisanaunikidwe ndi magazini. A fizikisi akhala akutero pa tsamba la arXiv kuyambira 1991, azaumoyo ali ndi medRxiv kuyambira 2019. Ingotsimikizani kuti magazini yanu imalandira pepala lomwe laoneka kale motero.

Mukakakamirabe magazini ya APC ija, pemphani kuti akuchotsereni kapena akutsitsireni mtengo potumiza pomwepo, osati pepala litavomerezedwa.

Chenjeraninso ndi maimelo okutamandani kuti ndinu katswiri wodziwika, olonjeza kusindikiza pakutha pa sabata imodzi. Kuwunika kwenikweni sikutha msanga chotero. Fufuzani dzina la magaziniyo pa DOAJ, ndipo musankhe mmodzi mwa akonzi omwe atchulidwa, muone ngati tsamba lake la kuyunivesite likuitchula n'komwe.