Munthu wogonja maulendo 279 angakhale bwanji katswiri?

Bambo wina wandilembera imelo sabata yatha. Akuti mwana wawo amene akuphunzira ku America walowerera ndi masewero a baseball, ndipo wawauza kuti Walter Johnson ndi mmodzi mwa oponya mpira oposa onse. Iwo atafufuza apeza kuti munthuyu anagonja maulendo 279. Ndiye akufunsa: ukatswiri wake uli pati?

Bambo, nambala mwaipezayo ndi yoona. Koma mu baseball, chipambano kapena kugonja kumalembedwa pa dzina la woponya, pomwe mapointi amabwera ndi anzake omenya mpira ndi ndodo. Anzakowo manja akawalemera, iwe umasenza mlandu ngakhale waponya bwino chotani. Johnson anasewera zaka 21, kuyambira 1907 mpaka 1927, timu imodzi yokha, Washington Senators, ndipo zaka zambiri timuyi inali yofooka. Taganizani, anagonja masewero 26 ndi 1-0. Adani apeza pointi imodzi yokha tsiku lonse, anzako alephera kubweza!

Ngakhale zinali choncho, anapambana 417. Masewero 110 anawamaliza adani osapeza pointi ngakhale imodzi, ndipo mpaka lero palibe wafikapo. Mu Seputembala 1908 anachita zimenezi katatu m'masiku anayi kwa New York Highlanders, timu imene pano timaitchula kuti Yankees. Masiku ano woponya amapuma masiku anayi asanaponyenso. Mu 1913 anapambana 36, nagonja 7 basi.

Mnyamatayu anabadwira ku Kansas mu 1887, ndipo a Senators anakamutola ku Weiser, Idaho, komwe ankagwira ntchito pakampani ya matelefoni. Poponya sankakweza mkono pamwamba ayi, ankaudutsitsa cham'mbali ngati akukwapula chikoti, mpira nkufika womenya asanakonzeke. Koma anali wofatsa, woopa kuvulaza munthu. Ty Cobb, womenya mpira wochenjera wa timu ina, anazindikira zimenezi nayamba kuima dala pafupi ndi pamene mpira umadutsa kuti Johnson aziponyera kutali.

Ine chimene chimandigwira mtima ndi 1924. Ali ndi zaka 36, anafika koyamba mu World Series, mpikisano womaliza wa chaka wolimbirana chikho, kukumana ndi New York Giants. Masewero awiri amene anayamba, onse anagonja. Anthu nkumati mkuluyu watha. Pa masewero achisanu ndi chiwiri, omaliza, anamulowetsa m'gawo la 9 zinthu zili 3-3 (masewero amakhala ndi magawo 9, koma amapitirira ngati matimu afanana). Anaponya magawo anayi a Giants osapeza pointi. M'gawo la 12 Earl McNeely wa Senators anamenya mpira wapansi, unanjanja modabwitsa nkudumpha mutu wa Freddie Lindstrom wa Giants, Washington nkupambana 4-3. Chikho chimenecho ndi chokhacho chimene Senators anatenga ali ku Washington.

Mu 1936 anali mmodzi mwa anthu asanu oyamba kusankhidwa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri oposa onse a baseball, pamodzi ndi Cobb, Babe Ruth, Honus Wagner ndi Christy Mathewson. Mwana wanuyo sanakunamizeni, Bambo.